Mlonda wa M'munda Amene Sitimlipira

Alimi anzathu a ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti, tonse tidziwa chisoni cha miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene chimanga chobereka bwino chingogwa chokha popanda mphepo. Tikang'amba phesi tipeza m'kati mwadzala dothi: chiswe chidalowera kumizu. Kuno kuchigwa, kumene dzuwa liwomba koposa kumapiri a Dedza, vutoli likula makamaka mvula ikadula, pakuti chiswe chikonda mbewu yofooka ndi chilala.

Koma m'munda momwemo muli mlonda amene sitimlipira. Ndiye chikumbu chakuda chija cha miyendo yaitali, chothamanga pansi. China chili ndi mawanga oyera pamsana. Sichidya chimanga kapena fodya ayi. Chakudya chake ndi tizilombo tinzake monga chiswe ndi mbozi zodula mbande za fodya. Zikumbu zambiri za mtunduwu zisaka usiku, ndipo usana zibisala pansi pa miyala, zibuma ndi zinyalala. Ana asazigwire, popeza zazikuluzo zikaopsedwa zithira madzi owawa kwambiri akalowa m'maso.

Tisanamizane, zikumbu sizingathe chulu. Ntchito yake ndi kuchepetsa chiswe chotuluka kukafuna chakudya, pothandizana ndi linthumbu, achule ndi mbalame.

Nanga ife timthokoza ndi chiyani mlonda ameneyu? Ndi moto! Tikatentha mapesi, kapena anyamata akayatsa tchire posaka mbewa, tiwononga pogona pake. Chiswe sichipsa, pakuti chili pansi pa nthaka, ndipo chikasowa zouma zoti chidye chitembenukira ku mbewu zathu. Mankhwala akale a aldrin ndi dieldrin nawonso ankapha bwenzi pamodzi ndi mdani, ndipo mu 2001 maiko adapangana ku Stockholm kuti aletsedwe.

Chotero tichite izi:

1. Tigoneke mapesi a chimanga pakati pa mizere, osawatentha. Koma mitengo ya fodya tiizule ndi kuiwononga monga mwa lamulo, kuopa matenda.
2. Tisiye udzu pa akalozera ndi m'malire a munda.
3. Tikolole msanga chimanga chikauma, ndipo chakugwa titole tsiku lomwelo.
4. Tipangane pamaso pa amfumu za kuleka moto wa m'tchire, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Amene akayika aitane mlangizi wa m'dera lake, tikavundukule mapesi pamodzi, adzionere yekha.