Makina akale okulitsira zithunzi: mtengo wotsika, tizipangizo tosowa

Makina okulitsira zithunzi, amene akatswiri amawatcha enlarger, amawalitsa babu kudzera mu negetivu, ndiko kuti filimu yotsuka kale imene malo owala amaoneka akuda ndipo akuda amaoneka owala, kenaka lenzi imagwetsera chithunzicho pa pepala lapadera limene limasintha likawombedwa ndi kuwala. Ntchitoyi imachitikira m'chipinda chamdima, momwe wotsuka zithunzi zopanda mitundu amayatsamo nyali yofiira yokha, ndipo chithunzi chimakula pamene mutu wa makinawo ukukwezedwa pa mlongoti wake.

Makamera a dijito atafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, masukulu, nyumba zosindikiza nkhani ndi masitudiyo ambiri a ku Ulaya ndi ku America anatseka zipinda zawo zamdima, moti kampani ya Durst ya ku Brixen, kumpoto kwa Italy, imene inakhazikitsidwa mu 1936, inaleka kupanga makinawa mu 2006. Makina ambirimbiri anangotsala m'zipinda zosungiramo katundu, ndipo popeza ndi olemera komanso ovuta kutumiza kutali, eni ake amawagulitsa motchipa kwa aliyense wodzitengera yekha, mwinanso kungomupatsa ulere. Amene amapezeka kawirikawiri ndi Axomat, Opemus ndi Magnifax a kampani ya Meopta ya ku Přerov m'dziko la Czech, Durst M605, ndiponso Beseler 23C ndi Omega D2 a ku America. Focomat ya kampani ya Leitz, imene imadzikonzera yokha lenzi kuti chithunzi chisachite chimbuuzi pamene mutu ukukwezedwa, ndiyo ikadali yodula chifukwa osonkhanitsa zinthu zakale amailimbirana.

Komabe kutchipa kumeneku kumanyenga, chifukwa chimene chimadya ndalama si thupi la makinawo koma tizipangizo tating'ono timene timatayika makina akakhala zaka zambiri osagwira ntchito. Chogwirira negetivu, chomwe ndi kachitsulo kopanira filimu kuti isapindike, kampani iliyonse inkachipanga mwamtundu wake, ndipo a Durst ankafika popatsa kachipangizo kalikonse dzina lakelake, monga Sirioneg ya M605, kotero kuti wogula makina opanda chogwiriracho akhoza kulipira ndalama zoposa zimene anagulira makina enieniwo. N'chifukwa chake Opemus yokhala ndi zonse imaposa Durst yotchuka koma yopereweza.

Lenzi yokha ndiyo imasinthika mosavuta, popeza malenzi ambiri ali ndi mazinga ofanana a mamilimita 39. Filimu ya mamilimita 35 imafuna lenzi ya mamilimita 50, pamene negetivu ya masentimita 6 mbali zonse imafuna ya 80, ndipo malenzi a magalasi 6 monga Componon-S ya Schneider, Rodagon ya Rodenstock ndi EL-Nikkor 50mm f/2.8 ya Nikon amaonetsa bwino ngakhale m'ngodya za chithunzi. Wogula wanzeru amaunika lenziyo ndi tochi kuti aone ngati mulibe chuku, chimene chimamera m'kati mwa magalasi osungidwa pachinyezi.

Mitu ya makinawa ilipo ya mitundu iwiri. Wa condenser uli ndi magalasi okhuthala osonkhanitsa kuwala, ndipo umatulutsa chithunzi chakuthwa koma suphonya fumbi ngakhale kakang'ono kamene kali pa negetivu, pamene wa diffusion umamwaza kuwalako n'kubisa zipsera zambiri. Mitu yopangidwira zithunzi zamitundu ili m'gulu lachiwirili, ndipo zosefera kuwala zake zachikasu ndi za magenta zimathandizanso pa mapepala a Multigrade a kampani ya Ilford posankha kusiyana kwa malo akuda ndi oyera. Mitu yotereyi kawirikawiri imayendera thiransifoma, imenenso imatayika nthawi zambiri, ndipo makina ochokera ku America, opangidwira magetsi a mavoti 120, amafuna babu ina kapena chotsitsira mphamvu asanalumikizidwe ku magetsi a mavoti 230 a ku Ulaya kapena ku Malawi.