Ku Orlando Amagulitsa Africa, Nanga ku Mangochi Tikugulitsa Chiyani?

Ku Orlando, m'chigawo cha Florida ku America, kuli hotela yotchedwa Disney's Animal Kingdom Lodge, imene inatsegulidwa mu April 2001. Denga lake limaoneka ngati lofolera ndi udzu, nyali za pofikira alendo anazipanga ngati zishango za Amasai, ndipo chapomwepo paima chigoba cha Ijele cha mtundu wa Igbo wa ku Nigeria, chachitali kuposa anthu awiri atasanjikizana. Mlendo akatuluka pakhonde la chipinda chake m'mamawa amaona nyamalikiti ndi mbidzi zikudya msipu poteropo. Malo ake odyera otchuka amatchedwa Boma, liwu lomwelija timalitchula tikamati tikupita kuboma. Zonsezi anazimanga pa dothi la ku Florida, ndipo anthu amalipira madola mazanamazana pa usiku umodzi kuti agonemo. Ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay tili ndi zenizeni za zimene a Disney anathirapo chuma chambiri kuti azifanizire, komabe mahotela athu ambiri amagulitsa bedi, dziwe losambiramo ndi chipinda cha misonkhano basi. Chimene chimakweza mtengo wa hotela ya m'paki ya zisangalalo ndi nkhani imene malowo amafotokoza, kuyambira pachipata mpaka m'mbale ya chakudya. Luso limeneli ndi lofunika kuliphunzira. Msampha wa ndalama zobisika umene umayenda nalo ndi wofunika kuusiya komweko.

Luso lake silinayambe dzulo. Pamene malo a zisangalalo a Walt Disney World ankatsegulidwa pa 1 October 1971, anali ndi mahotela awiri: Polynesian, yofanizira zilumba za m'nyanja ya Pacific, ndi Contemporary, imene sitima yoyenda pa njanji imodzi imadutsa m'kati mwenimweni mwa nyumbayo, pamwamba pa anthu akudya. Kampani ya Universal, yomwe imapikisana nawo mumzinda womwewo, inatsegula Portofino Bay mu 1999, potengera mudzi wa asodzi wa ku Italy, mabwato ali pagombe, kenaka Cabana Bay mu 2014, yobwezera mlendo ku America wa zaka za m'ma 1950 ndi 1960, magalimoto akale ataimikidwa pakhomo. Cholinga chake ndi chimodzi, chakuti mlendo amene watuluka m'paki madzulo asamve kuti sewero latha. Akapanda kumva choncho sapita kukagona kwina, sapita kukadya kwina, ndipo ndalama yake yonse imathera m'mpanda womwewo. N'chifukwa chake amasamala ngakhale tinthu ting'onoting'ono, monga kapangidwe ka chitseko, fungo la pofikira alendo, nyimbo ndi zovala za antchito. Ku Animal Kingdom Lodge amalembanso ntchito achinyamata ochokera m'maiko a mu Africa, atavala baji yosonyeza kwawo, kuti azicheza ndi alendo za nyama ndi za miyambo ya kumudzi kwawo. Chipinda choyang'ana kumene kuli nyama chimakwera mtengo kuposa choyang'ana koimika magalimoto, ngakhale bedi ndi bafa n'zofanana. Kusiyana kwa mtengoko ndiko kumasonyeza chimene mlendo akugula.

Sitifunika kuwoloka nyanja yamchere kuti tione zimenezi. Ku South Africa, wamalonda Sol Kerzner anatsegula Sun City mu 1979, ndipo mu 1992 anawonjezera Palace of the Lost City, hotela yomangidwa pa nthano yopeka ya mtundu wina wa anthu umene mzinda wake unagwetsedwa ndi chivomerezi. Anamanga mabwinja ongopanga, mlatho umene umagwedezeka pa nthawi yoikika, ndi dziwe la mafunde ochita kukankhidwa ndi makina, kudera lopanda gombe. Ku Johannesburg, Gold Reef City inasankha njira ina. Paki ndi hotela yake zili pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, nyumba zake zikufanizira Joni wa masiku oyambirira a migodi. Nkhani imeneyo ndi yoona, ndipo ikutikhudza, pakuti azigogo athu zikwizikwi anatsika m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha Amalawi oposa 70, inachititsa boma la Kamuzu Banda kuimitsa ntchitoyo. Pakati pa njira ziwirizi, yopeka ndiyo yodula komanso yoopsa kwa mwini wake. A Disney anazionera okha ndi Star Wars: Galactic Starcruiser, hotela ya zipinda 100 yofanizira chombo cha m'mlengalenga, mmene anthu awiri ankalipira pafupifupi madola 5,000 pa masiku awiri. Inatsegulidwa mu March 2022 n'kutsekedwa mu September 2023. Nkhani yochita kupeka imafuna ndalama tsiku lililonse kuti isazime, ndipo ofuna kuigula pa mtengo wotere amatha msanga.

Apa ndi pamene mwayi wathu uli. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo paki ya ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Zojambula za pamiyala ku Chongoni zinalowamo mu 2006. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Usiku wopanda mwezi, munthu woima pagombe amaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati mudzi woyandama, ndipo m'mawa mabwato amakocheza, amayi atadikira ndi mabeseni, usipa n'kuyanikidwa pa matandala ukung'anima padzuwa, nkhwazi ikulira pamtengo. Palibe injiniya amene angapange zimenezi. Koma mlendo akalowa m'chipinda cha mahotela ambiri a m'mbali mwa nyanja amapeza matailosi, makatani ndi chithunzi cha pakhoma zomwe angazipeze ku Dubai kapena ku Nairobi, ndipo palibe womuuza kuti nyali zija ndi za ndani, khoka la chilimira amaliponya bwanji, kapena mphepo ya mwera ikayamba asodzi amatani. Wina anganene kuti Disney ili ndi mabiliyoni ndipo ife tilibe, choncho kuyerekezaku n'kopanda chilungamo. Ndalama zawo zambiri zimapita kokamanga chimene kulibe. Ife chimene tikusowa ndi wofotokoza wodziwa bwino ntchito yake, mipando ya amisiri athu, mikeka ndi mitanga yolukidwa bwino, zitenje, ndi mwini hotela amene wasankha nkhani imodzi n'kuigwiritsitsa. Ku Mua, likulu la Kungoni limene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 lasonyeza kwa zaka zambiri kuti zosemasema ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao zimakoka alendo popanda makina ogwedeza mlatho.

Pali chitsutso china cholemera kuposa cha ndalama, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Chikhalidwe chikasanduka katundu chimatha kuchepa ulemu. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi malo ake ndi nthawi yake: pamaliro, pachinamwali, polonga mfumu. Kumuitana kuti avine pambali pa dziwe losambiramo pamene alendo akumwa mowa, kenaka n'kumuponyera makobidi, n'kumuchotsa ulemu, ndipo akuluakulu a kudambwe akadandaula amakhala akunena zoona. Komatu vuto limeneli likuchitika kale m'malo ena, ndipo gwero lake ndi kusaganizira bwino nkhani imene hotela ikufotokoza. Hotela imene yakhala pansi ndi mafumu ndi eni gule imadziwa choyenera kuonetsa, choyenera kungofotokoza pakamwa, ndi choyenera kusiya kumudzi, ndiponso imalipira ovina ngati akatswiri. Malipenga, beni, chioda ndi chimtali ndi magule a pabwalo amene sabisa kanthu. Anthu a ku Florida amafanizira Africa ali kutali, opanda mfumu yowadzudzula akalakwitsa. Ife eni nkhani tili nawo pafupi, ndipo zimenezi zimatipatsa mphamvu yoifotokoza molondola.

Tikafika pa malipiro, m'pamene mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu umakwanira, pakuti m'kati muli nyerere. Kwa zaka zambiri mlendo wogona m'hotela ya Disney ankatengedwa ulere pa basi kuchokera kubwalo la ndege, ndipo ankatha kusungitsa malo pa makatungwe otchuka osalipira kanthu. Mu October 2021 mwayi wodumpha mzere unayamba kugulitsidwa, ndipo basi ija inathetsedwa kumayambiriro kwa 2022. Ndalama yoimikira galimoto usiku anaiyambitsa mu 2018, n'kuichotsa mu January 2023 alendo atadandaula kwambiri. Universal imalipiritsa koimika galimoto, koma amene wagona m'mahotela ake a Portofino Bay, Hard Rock kapena Royal Pacific amapatsidwa chiphaso chodumphira mizere m'mapaki ake awiri akale popanda kuwonjezera ndalama, moti banja lalikulu likawerengera bwino limatha kupeza kuti hotela yodulayo ndiyo yotchipa. Mahotela ena oyandikana ndi mapaki amawonjezera ndalama yotchedwa resort fee, yolipira tsiku lililonse kaya munthu wasambira m'dziwe kaya ayi, ndipo pamwamba pa zonsezi pamabwera msonkho woposa 12 peresenti. Khalidwe lobisa mtengo linafika poipa mpaka bungwe la boma la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu May 2025, lakuti malo ogona alendo azionetsa mtengo wonse poyambirira.

Kwathu kuno mwambo wake ndi wabwinopo, ndipo tisauchite manyazi. Mtengo wa chipinda nthawi zambiri umaphatikiza kadzutsa, galimoto imaima ulere mlonda akuiyang'anira, ndipo malo ogona a m'nkhalango ngati Liwonde ndi Majete amakonda kutchula mtengo umodzi wa malo ogona ndi chakudya. Chimene chimadzutsa mkangano ndi mitengo iwiri, wa nzika ndi wa mlendo wakunja. Ena amati ndi tsankho. Sindikuvomereza. Mphunzitsi wa ku Balaka wolandira makwacha sangapikisane ndi munthu wobwera ndi madola, ndipo nyanja ndi nkhalango zikakhala za alendo okha, anthu oyandikana nazo sadzaona chifukwa chozitetezera. Ngakhale ku Orlando, a Disney ndi a Universal amatsitsira mitengo anthu okhala mu Florida. Choyenera kukonza n'chakuti mitengo yonse iwiri ilembedwe poyera, msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo uli m'kati kale, ndipo ngati pali ndalama yolowera m'paki kapena yokwerera boti, inenedwe munthu asananyamuke kwawo. Banja limene lasunga ndalama chaka chonse kuti likaone nyanja pa Khirisimasi lisamakadzidzimuke pa kauntala tsiku lobwerera.

Chakudya ndicho chimaulula zonse. Ku Disney malo odyera amasungitsidwa masiku 60 tsiku lisanafike, wosabwera amadulidwa madola 10 pa munthu aliyense, ndipo gulu la anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa amaliwonjezera 18 peresenti ya operekera zakudya. Ali ndi dongosolo lolipiriratu chakudya cha ulendo wonse, limene linaima mu 2020 n'kubwerera mu January 2024. Limapatsa banja mtendere wa mumtima, koma limalimangiriranso kudya m'mpanda momwemo, ndipo wosadya kwambiri amaluza. Zimenezi sizofunika kutengera. Chofunika kuona ndi chimene chili m'mbale. Ku Boma amaphika bobotie wa ku South Africa ndi ndiwo zina za kuno ku Africa, ku Jiko, malo ena odyera a ku Animal Kingdom Lodge, amanyadira vinyo wa ku South Africa, ndipo anthu a ku America amalimbirana malo kuti alawe. Chakudya chawo chikupitiriza nkhani imene denga ndi nyama zija zinayamba.

Ife tili ndi chambo chootcha pamakala, kampango, mpasa, kondowole wa ku Nkhata Bay, mpunga wa kilombero wa ku Karonga umene fungo lake limadzaza nyumba, nkhwani wotendera, futali, zitumbuwa, thobwa, madzi a malambe, tsabola wa kambuzi, tiyi wa ku Thyolo ndi khofi wa ku Mzuzu. Komabe pa menyu ya malo ambiri, pizza, burger ndi tchipisi ndizo zimatsogola, nsima n'kukhala kumapeto ngati chakudya cha madalaivala. Eni mahotela amayankha kuti mlendo amafuna chimene anachizolowera, ndipo mwana wotopa ndi ulendo sangayambe ndi therere. Zoonadi, tchipisi zikhalepo. Koma munthu amene wakwera ndege usiku wonse kudzafika ku Malawi sanabwerere burger, ndipo Mmalawi wa ku Lilongwe amene wapita ku Senga Bay amafuna nsomba yakupsa bwino kuposa ya kunyumba kwake. Palinso chifukwa cha chuma. Tchizi ndi soseji zoitanitsa kunja zimadya ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa, pamene nkhwani, nsinjiro ndi tomato zimasiya ndalama kwa mayi wa m'mudzi woyandikana ndi hotela. Chenjezo limodzi ndi la chambo, chimene chachepa kwambiri m'nyanja chifukwa cha kupha mopyola muyezo. Hotela yolemekeza nkhani yake isagule chambo pa miyezi imene usodzi watsekedwa, ndipo iuze mlendo chifukwa chake lero akudya usipa wotendera.

Inu eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, musanagule matailosi ena ochokera kunja, pitani kugombe m'mamawa mukalankhule ndi asodzi, lembani ntchito wachinyamata wa m'mudzimo woti azifotokozera alendo, ikani kondowole ndi kampango pamwamba pa menyu, ndipo lembani mtengo wonse pachipata.