Kugula nyumba yakale ya mabanja ambiri mu mzinda wa Zomba

Mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891 kufikira mu 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, uli ndi nyumba zambiri zakale zimene zinamangidwira akuluakulu a boma la atsamunda, ogwira ntchito m'maofesi ndi amwenye a zamalonda. Yodziwika kwambiri ndi imene inamangidwa mu 1886 kukhala nyumba ya kazembe wa Britain, ndipo pambuyo pake inasandutsidwa malo ogona alendo otchedwa Masongola; koma zimene anthu wamba angathe kuzigula ndi zina, monga nyumba za makonde aatali m'munsi mwa phiri, masitolo okhala ndi zipinda zogona kumbuyo kwake, ndi nyumba za mdadada za ku Sadzi, Chinamwali ndi Chikanda. Mdadada ndi nyumba imodzi yaitali yogawidwa makomo angapo, banja lililonse khomo lake, pamene mpopi, bafa ndi chimbudzi zimakhala za onse.

Chimene chimakopa ogula n'chakuti ofuna nyumba za lendi sasowa mu Zomba. Kuchokera mu 1973, pamene Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ophunzira akhala akubwera kuchokera m'zigawo zonse, ndipo pamwamba pa iwo pali asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ogwira ntchito kundende, kuchipatala chachikulu ndi ku bungwe loona za mayeso la MANEB, kotero kuti pabwalo limodzi pamapezeka Myao, Mlomwe, Mnyanja ndi Mtumbuka, Asilamu ndi Akhristu, akuyanika zovala pa chingwe chimodzi.

Komabe mtengo weniweni wa nyumba yotere uli pa mapepala a malo ake, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amagwira njakata. Malo ena mu mzindawu ndi a lizi, kutanthauza kuti boma kapena bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, linabwereketsa malowo kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99, ndipo wogula amangotenga zaka zimene zatsala pamodzi ndi udindo wolipira lendi ya nthaka chaka ndi chaka. Nyumba ikakhala yakale kwambiri, zaka zotsalazo zikhoza kukhala zochepa, ndipo banki siifulumira kupereka ngongole pa malo otere. M'madera amene anthu anakhazikika mapulani asanajambulidwe, nyumba zambiri zimagulitsidwa ndi kalata yochitira umboni ya amfumu yokha, imene imalemekezedwa pakati pa anthu a m'deralo koma siilowa m'malo mwa chikalata cholembetsedwa ku Unduna wa za Malo. Wogula wosamala amayamba wafufuza ku ofesi ya za malo kuti aone dzina limene lili m'kaundula ndiponso ngati nyumbayo siinaikidwe chikole, kenako amafunsa ku khonsolo ya mzinda ngati msonkho wa nyumba ulibe ngongole, chifukwa ngongole yotere imatsalira wogula kuti alimbane nayo. Madobadoba, amene amalumikiza wogula ndi wogulitsa, sakonda kafukufuku ameneyu popeza amachedwetsa gawo lawo.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi la chuma cha masiye. Nyumba yakale kawirikawiri imakhala kuti mwini wake anamwalira kalekale, ndipo amene akuigulitsa ndi mwana mmodzi kapena mdzukulu amene wakhala akutolera lendi, pamene abale ena ali ku Blantyre kapena ku Joni osadziwa kanthu. Malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, woyenera kuyendetsa katundu wa womwalira ndi amene ali ndi chilolezo chochokera kukhoti. Ndipo m'dera ngati la Zomba, kumene mwambo wa chikamwini udakali wamphamvu, ana a malemu ndi ana a alongo ake angathe kulimbirana nyumba imodzi kwa zaka zambiri, wogula atalipira kale.

Za makoma n'zosavuta kuziona ngati wogula wapita ndi mmisiri wodziwa ntchito. Zomba imalandira mvula yambiri, ndipo madzi otsika m'mapiri, makamaka kumene mitengo inadulidwa monga zinachitikira pa phiri la Sadzi, amafukula maziko ndi kunyowetsa njerwa, pamene chiswe chimadya matabwa a denga mwakachetechete. Nyumba zambiri za nthawi ya atsamunda zinamangidwa ndi dothi kapena laimu pakati pa njerwa, ndipo kuzimata simenti yolimba kumatsekera chinyezi m'kati mpaka khoma limayamba kufumbutuka. Ngati nyumba inalembedwa m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa ndi boma, mwini wake sangaigwetse kapena kuisintha maonekedwe popanda chilolezo.

Pomaliza pali anthu okhalamo, amene wogula amawapeza ali ndi mapangano awo ndi mwini wakale, ambiri mwa iwo apakamwa chabe. Wina analipiriratu miyezi 6, wina anakonza denga ndi ndalama zake pogwirizana kuti azimudula pa lendi, ndipo mita imodzi ya madzi a Southern Region Water Board kapena ya magetsi a ESCOM imadyetsa makomo onse, chimene chimabala mikangano mwezi uliwonse pa za amene wagwiritsa ntchito mayunitsi ambiri. N'chifukwa chake ndi bwino kuti wogula akumane ndi banja lililonse pamaso pa wogulitsa ndalama zisanaperekedwe, alembe zimene aliyense analipira ndi zimene analonjezedwa, ndiponso awerengere mtengo woika mita pa khomo lililonse asanavomere mtengo wa nyumbayo.