Khosi likapindika, musathamangire kwa sing'anga

Mnyamata wayamba haloperidol Lolemba. Pofika Lachitatu khosi lapindika, maso akuyang'ana kudenga, lilime latuluka osabwerera. Achibale amati matenda akula, ena amati pali dzanja la munthu. Ife matekiniko a matenda a maganizo, amene Mozambique inayamba kutiphunzitsa mu 1996 poona kuchepa kwa madokotala, timadziwa kuti ndi mankhwala omwe aja. Amatseka njira za dopamine mu ubongo kuti mawu omveka m'mutu aleke, koma dopamine yemweyo ndiye amayendetsa minofu. Jakisoni wa biperideno amamasula khosilo ola lisanathe. Kunjenjemera manja, kuchucha dovu ndi kulephera kukhazikika pampando, gwero lake ndi lomwelo, ndipo nthawi zambiri timangochepetsa mlingo.

Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire ukadzuka mofulumira, komanso khungu limapsa msanga ndi dzuwa. Mlimi wa fodya wa ku Furancungo ndimamuuza kuti asapite kumunda opanda chipewa ndi malaya a manja aatali. Amitriptyline amaumitsa m'kamwa ndi kudzimbitsa. Izi n'zopiririka. Zosadikira mawa ndi ziwiri: thupi kutentha kwambiri, kuuma gwa ndi kusokonezeka mutu, zomwe ambiri amaziyesa malungo, ndiponso zidzolo zobwera ndi zilonda m'kamwa ndi m'maso pa milungu yoyamba ya carbamazepine. Apo siyani kumwa, pezani njinga yamoto, thamangirani kuchipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malire athu ndi Malawi. Munthu wa ku Tsangano amagulitsa mbatatesi kutsidya, ku Ntcheu, ndipo ena amalandirira komweko ma ARV kapena mankhwala olera. Kuno akabwera ndi khunyu amatulutsa khadi lathu lokha, buku la ku Malawi latsala kunyumba. Sindiwadzudzula, pakuti palibe amene amafuna kuti mudzi wonse udziwe za magazi ake. Koma chiwindi n'chimodzi, ndipo mankhwala onsewo amakumana mmenemo.

Carbamazepine, amene timapereka pa khunyu ndi pa matenda osinthasintha mtima, amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mwachangu. Dolutegravir wa mu ma ARV a TLD amachepa m'magazi, kachilombo n'kupeza mpata. Tikadziwa, timawonjezera piritsi la 50 mg pakatha maola 12, kapena timasintha mankhwala a khunyuwo. Mapiritsi olera ndi njira ya pamkono zimafookanso, mayi n'kutenga pathupi iye akuti ndikulera, ukwati n'kulowa mphepo pa mlandu wa mankhwala. Jakisoni wa miyezi itatu ndi lupu sizivuta choncho. Ngakhale Coartem wa malungo amachepa mphamvu. Nayenso rifampicin wa TB amatsitsa haloperidol, moti wodwala amene anali atakhazikika amayambanso kuyankhula yekha, achibale n'kumamunena kuti akubisa mapiritsi pansi pa mphasa.

Za kachasu sindinyengerera. Akakumana ndi diazepam kapena phenobarbital, mpweya umatha kubanika munthu ali m'tulo, makamaka usiku wozizira wa Juni kumapiri kuno pamene anthu amati tikutenthetsa thupi.

Tsiku la kuchipatala ikani zonse m'jumbo imodzi: mabuku a mayiko onse awiri, mapiritsi ogula pamsika wa m'malire, ndi botolo la mizu ya kwa asing'anga. Chitseko ndimatseka, ndipo wokuperekezani akhoza kudikira pabenchi panja.