Gogodela ndi Lamulo la Nyama Zakutchire

M'midzi yambiri ya kuno ku Chadiza mukadali mfuti za gogodela zimene makolo athu adasiya. Zambiri zidafika m'dziko lino m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ochokera ku Tete, ndipo zina zidasulidwa konkuno. Nguluwe zikayamba kufukula chinangwa ndi kugwetsa chimanga, mlimi amakumbukira mfuti ija. Tisanaigwire, tiyenera kudziwa kuti malamulo adasintha, ndipo mlenje wa lero sayenda monga ankayendera agogo ake.

Lamulo loyang'anira nyama zakutchire la 1998 lidalowedwa m'malo ndi lina, la nambala 14 la chaka cha 2015. Bungwe la ZAWA lidathetsedwa, ndipo kuyambira mu 2016 ntchito yake ili m'manja mwa nthambi ya boma yotchedwa DNPW, yoyang'anira nkhalango ndi nyama zakutchire. Mfundo yaikulu ya lamuloli ndi yakuti nyama iliyonse yakutchire ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Choncho gwape amene wagona kumalire kwa munda wanu si wanu, ngakhale mundawo mudapatsidwa ndi amfumu.

Munthu wofuna kusaka ndi mfuti afunika zilolezo ziwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Choyamba ndi laisensi ya mfuti, imene imatuluka apolisi atamuvomereza munthuyo. Laisensiyi ndi ya munthu mmodzi ndi mfuti yake. Mwini mfuti akamwalira, mwana kapena mphwake wolowa chuma salowa laisensi. Ayenera kukaonekera kupolisi. Chachiwiri ndi laisensi yosakira nyama, yochokera ku DNPW, imene imatchula mtundu wa nyama, kuchuluka kwake, malo ndi nyengo yosakira. Kukhala ndi chilolezo choyamba sikupatsa munthu ufulu wopha nyama.

Ulenje wololedwa umachitika makamaka m'madera ozungulira nkhalango za m'chigwa cha Luangwa, monga Lupande ndi Lumimba, kumene nyama zololedwa kuphedwa zimachita kuwerengedwa chaka ndi chaka. Ngakhale kumeneko boma lili ndi mphamvu yotseka: mu Januwale 2013 nduna yoona zokopa alendo, a Sylvia Masebo, idaimitsa ulenje wa alendo, ndipo udatsegulidwanso mu 2014. M'nkhalango zenizeni monga South Luangwa ndi Lukusuzi kusaka ndi koletsedwa.

Nanga mlimi amene mbewu zake zikutha atani? Lamulo limalola munthu kupha nyama podziteteza kapena poteteza mnzake, ndipo limapereka mpata wotetezera mbewu ndi ziweto. Koma wopha nyama motere ayenera kudziwitsa msanga ofesala wa nyama zakutchire kapena apolisi, ndipo nyamayo sikhala yake yoti adye kapena kugulitsa. Misampha ya waya ndi poizoni ndi zoletsedwa. Wopha njovu popanda chilolezo amapita kundende zaka zosachepera zisanu. Taganizirani banja lokhala dzinja kasanu popanda mwini khasu: minda imasanduka tsala, ana amasiya sukulu.

Gogodela payokha ndi yoopsanso kwa mwini wake. Wonga amauthira kukamwa kwa mfuti ndi kuutsendera ndi kamtengo. Ukachuluka, kapena mpope ukakhala wadzimbiri, mfuti imaphulikira m'manja. Ikalasa bwino pang'ono chabe, nguluwe yovulala imatembenukira mlenje asanathirenso wonga.

Njira zina zilipo. Ngalande yakuya ndi mpanda wolimba zimatchinga nguluwe kudimba. Alimi oyandikana minda akamalondera mosinthana, anyani sapeza mpata. Ndiwo ya nyama tingaipeze m'khola la mbuzi, nkhumba, akalulu ndi nkhanga. Bungwe la COMACO, limene lidayamba mu 2003, lathandiza alenje ambiri a m'chigawo cha Kum'mawa kupereka mfuti ndi misampha yawo, kenaka kulima soya, nsawawa ndi mpunga komanso kuweta njuchi.

Tsono ngati m'nyumba mwanu muli gogodela yopanda laisensi, musaibise kudenga kapena m'nkhokwe. Kambiranani ndi anyakwawa, mupite nawo kupolisi ku boma la Chadiza, mukafunse njira yoyenera yoiperekera.