Mkonono Wina ndi Matenda

Munthu akamaliza mkonono, kenaka n'kukhala zii osapuma, n'kudzidzimuka ngati watsamwa, angakhale ndi matenda ochedwa sleep apnea. Mwa anthu onenepa, mafuta amapanikiza njila ya mpweya pakhosi, ndipo imatsekeka kambili usiku. Munthuyo amauka wolema, amawodzela pa nchito kapena poyendetsa minibasi, BP nayo imakwela.

Mu December 2024, bungwe la FDA ku America linavomeleza mankhwala a tirzepatide kwa akulu onenepa odwala matendawa. Ndi nyeleti yolasa kamodzi pa mlungu. Imacepetsa njala, ndipo thupi likacepa, pakhosi pamatseguka. Ena imawacititsa mselu ndi kutsegula m'mimba, conco wolemba mankhwalawa ndi dotolo yekha.

Womva mwamuna kapena mkazi wake akuleka kupuma kutulo amupeleke kucipatala.