Mwana akabwera ndi chikalata cha kafukufuku kuchokera kusukulu

Mwana akafika kunyumba ndi pepala loti kholo lisaine chifukwa kusukulu kukubwera anthu ochita kafukufuku, makolo ena amasaina osawerenga n'komwe, poganiza kuti chimene ahedi atumiza ndi lamulo ndipo kukana kungachotsetse mwana sukulu. Ena amaling'amba akangomva kuti kudzakhala kubaya chala ndi kutenga magazi. Onsewa sanagwiritse ntchito mphamvu imene pepalalo likuwapatsa. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limaletsa kuyesa zachipatala kapena zasayansi pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo popeza aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamalamulo omwewo, wopereka chilolezocho ndi kholo kapena womulera. Ine ndikuona kuti kafukufuku wa m'masukulu ndi wofunika ndipo tiyenera kumulandira, koma ubwino wake umaoneka pamene kholo lavomera likudziwa chimene likuvomera.

Pepalalo lisanafike m'chikwama cha mwana limakhala litadutsa m'maofesi angapo. Wochita kafukufuku amayamba walemba ndondomeko yonse: funso limene akufuna kuliyankha, ana amene adzawafikira, zimene adzawafunsa kapena kuwayeza, zovuta zimene zingawagwere ndi momwe adzasungire chinsinsi. Ndondomekoyo imapita ku komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku. Za umoyo zimaunikidwa ndi NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, pamene za maphunziro ndi chikhalidwe cha anthu zili ndi komiti yake pansi pa National Commission for Science and Technology, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003. Komiti ikhoza kuvomera, kubweza ndondomeko kuti ikakonzedwe, kapena kukana, ndipo chilolezo chake chimayenera kukonzedwanso chaka ndi chaka. Kuchoka apo wochita kafukufuku amapita ku Unduna wa Maphunziro, kwa mkulu wa maphunziro pa boma, kwa ahedi, kwa komiti ya sukulu ndi kwa mafumu. Koma tisasokoneze zinthu: anthu onsewa amangomulola kulowa pasukulu ndi m'mudzi. Palibe mmodzi mwa iwo, ngakhale amfumu, amene angavomere m'malo mwa kholo. Kholo losadziwa kuwerenga liyenera kuwerengeredwa chikalatacho m'chilankhulo chake, pali mboni imene si ya gulu la ofufuzawo, kenako lidinde chala. Mwana wamkulupo amafunsidwanso payekha, ndipo akakana sakakamizidwa ngakhale makolo ake atasaina. Amene wavomera lero akhoza kusiya mawa, ndipo mwana sataya malo ake m'kalasi, phala lake kapena chithandizo cha kuchipatala.

Wina angafunse kuti zonsezi zimatipindulira chiyani. Yankho labwino lili ku Zomba. M'zaka za 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa kupereka ndalama mwezi uliwonse kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo, m'madera 176 a bomali. Ena ankalandira pokhapokha ngati mtsikana akupita kusukulu mosajomba, ena ankalandira popanda lamulo lililonse, ndipo ena sankalandira konse. Patatha miyezi 18, pakati pa atsikana amene anali pasukulu poyamba, 1.2 peresenti ya olandira ndalama anapezeka ndi kachirombo ka HIV, pamene kwa osalandira anali 3.0 peresenti. Ndalama zokhala ndi lamulo zinasunga atsikana ambiri m'kalasi, koma zimene zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati zinali zopanda lamulo zija, chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankalandirabe ndipo sankathamangira banja. Ofufuzawo atabwereranso patapita zaka ndalama zitasiya kuperekedwa, anapeza kuti phindu lambiri linali litazilala. Zinthu zitatuzi palibe akanazidziwa pongokhala mu ofesi ku Capital Hill, ndipo chachitatucho n'chowawa kwa aliyense wokonda mapulojekiti a zaka ziwiri.

Dandaulo limene limamveka kwambiri ndi lakuti n'kulakwa kupatsa mudzi uwu ndi kumana winawo pamene umphawi ndi umodzimodzi. Dandauloli ndi lomveka, ndipo mayi amene mwana wake anali m'gulu losalandira ali ndi chifukwa chomvera kuwawa. Komabe popanda gulu loyerekezera sitingadziwe ngati atsikana anakhala pasukulu chifukwa cha ndalama kapena chifukwa chaka chimenecho kunali zokolola zabwino. Ndipo pamene ndalama sizikwanira onse, maere ndi achilungamo kuposa kusiyira munthu mmodzi kuti asankhe, poti wosankha amakhala ndi abale. Chimene komiti siyenera kulola ndi kumana mwana chithandizo chimene chikudziwika kale kuti chimagwira ntchito. Mwana akapezeka ndi malungo kapena likodzo pa nthawi ya kafukufuku ayenera kulandira mankhwala, kaya ali m'gulu liti.

Nkhani ya magazi siyofunika kuiseka. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Mantha otere amakula pamene galimoto yachilendo yaima pasukulu, anthu ovala magolovesi atsika, ndipo makolo akumva nkhaniyo madzulo kwa mwana wa sitandade 3. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti magazi atengedwa ochuluka bwanji, ayezedwa chiyani, asungidwa kuti ndipo mpaka liti. Kuyeza malungo kumafuna kadontho ka pachala, ndipo likodzo la m'chikhodzodzo limayezedwa mumkodzo. Ngati zoyezedwazo zituluka kunja kwa dziko, pamafunika pangano lapadera lovomerezedwa ndi komiti, ndipo chikalata cha kholo chiyenera kunena zimenezo poyera.

Pali malo awiri pamene njirayi imafooka, ndipo ndikuona kuti vuto lili kwa ofufuza, osati kwa makolo. Oyamba ndi pamene chikalata chaperekedwa kudzera kwa aphunzitsi popanda msonkhano. Mwana wa ku Malawi anaphunzitsidwa kusatsutsa aphunzitsi, ndipo kholo losauka silifuna kuoneka lovuta pamaso pa ahedi, kotero kuti siginecha yopezeka mwa njira imeneyi ndi yaulemu chabe. Achiwiri ndi pamene zotsatira zasindikizidwa m'magazini a ku London kapena Washington koma mudzi umene unapereka ana ake sunamve kanthu. Apa komiti ya sukulu ndi amayi a mother group ali ndi ntchito yeniyeni. Asanalole kafukufuku kuyamba, apemphe kuona kalata ya chilolezo cha komiti ndi tsiku limene chidzathe, aumirire kuti ofufuza akumane ndi makolo maso ndi maso, ndipo agwirizane nthawi imene adzabwere kudzafotokoza zimene apeza. Kholo lililonse lisunge kope la chikalata chimene lasaina, chifukwa pamenepo pamalembedwa nambala ya foni ya mkulu wa kafukufuku ndi ya komiti imene inamuvomereza, ndipo komitiyo ili ndi mphamvu yoimitsa kafukufuku ikalandira dandaulo lomveka.